Mmene Ndinachedwera pa Maliro Anga

Ikani mafoniwo chafufumimba pathebulopo, ananu, ndione nkhope zanu, osati paliwombo. Iwe Tadala, dzulo unandifunsa chifukwa chake amayi a kutchalitchi amati "alowa malemu" ndikangofika pakhomo, kenaka n'kumaseka. Unafunsa m'Chingerezi, koma ine ndikuyankha m'Chichewa, ndipo umva ndithu, pajatu ndikati "bwerani mudzadye" palibe mmodzi mwa inu amene amafuna womasulira.

Nkhaniyi ndi ya msewu uwo mukuuona pawindowo. Inu mwaupeza uli ndi mizere yoyera ndi nyali zachikasu zothwanima, ija mumati zebra, ndiye mumaganiza kuti inamera yokha. Inabwera ndi misozi imene ija, ndipo misozi yake inali yolira ine.

Kuno ndinabwera motsatira agogo anu aakazi, anaPhiri. Iwo ndi amene anatsogola, kudzagwira ntchito m'nyumba yosamaliramo okalamba, ine n'kutsala ku Ntcheu ndi amayi anu, Chikondi, ali aang'ono. Nditafika ndinapeza kuti London wa pazithunzi uja si kumene tizikhala. Ife kwathu kunali kuno, kuseri kwa Barking cha kumtsinje, kumene kunali mafakitale okhaokha otsekedwa, mawindo osweka, udzu utamera m'mageti. Ntchito yanga yoyamba inali ya ulonda pafakitale ya penti imene inali pamene pali mafulati aatali aja. Ndinkalondera chinyumba chopanda kanthu, moti wakuba akanabwera akanangoba nkhunda ndi fungo. Azungu okalamba a m'dera lino ankaima pageti n'kumandiuza kuti kale belu likalira madzulo, msewu wonsewu unkadzaza njinga za anthu oweruka. Nthawi yanga ine msewuwo unali zii. Munthu ukanatha kuyanika mphale pakati pake n'kukaipeza madzulo ili bwinobwino.

Kenaka kunabwera chitukuko. Anagwetsa fakitale ija, anamanga mafulati, kumunsiku n'kumanga zinyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, ndipo msewu anaukulitsa. Malole ndi timagalimoto toyera tonyamula zinthu zimene inu mumaitanitsa ndi chala tinayamba kudutsa usana wonse ngati tikuthawa nkhondo. Siteji ya basi anaisamutsira tsidya lija, kumene kuli anthu ambiri atsopano. Powolokera anaika kutali, kuja kuli raundabauti, kumene munthu wa miyendo yabwino amayenda mpaka kutuluka thukuta. Amene anajambula mapu ake ndikhulupirira kuti anali ndi galimoto.

Iwe Yamikani ndimakumva ukudandaula chikwangwani chikalemba kuti basi ifika pakapita mphindi zinayi. Mphindi zinayi! Kwathu basi inkadutsa kamodzi patsiku, ndipo tsiku lina inkangoganiza zopuma. Siteji yake inali mtengo wa mango. Tinkadzuka ndi nkhuku, mbatata yootcha m'thumba, n'kukakhala pansi pa mtengopo kuyang'ana fumbi kumapiri. Fumbi likaoneka unkadziwa kuti mwina ndi basi, mwina ndi ng'ombe. Koma basi imeneyo inali ndi ulemu. Dalaivala akaona mayi wachikulire akuchokera kudimba ndi dengu pamutu, ankaima n'kuzimitsa injini, kondakitala n'kutsika kukamulandira dengulo. Mbuzi inkakwezedwa pamwamba, nkhuku pansi pa mpando, ndipo pofika ku Balaka aliyense anali atadziwa matenda a mnzake. Zakunozi n'zoyera, n'zofunda, zimalankhula zokha, koma sizidziwa munthu.

Ndisasochere. Agogo anu ananyamula okalamba a eni ake zaka zambirimbiri, kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwagoneka, mpaka mawondo awo anatha. Anachitidwa opaleshoni n'kubwerako ndi ndodo. Atapezako bwino, Lamulungu lina anavala zoyera zawo nati tipite kutchalitchi. Tinaima m'mphepete mwa msewuwo kudikira mpata, ndipo utaoneka tinalowa. Koma ndodo siithamanga. Tinangofika pamzere wapakati magalimoto n'kutitsekera uku ndi uku, malole akudutsa kutsogolo ndi kumbuyo, mphepo yake ikukoka duku lawo. Anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Titabwerera m'nyumba anakhala pampando uwo wakhalapo iwe Tadala, ndipo anangoti, "Bambo a Chikondi, ine basi."

Kuyambira tsiku limenelo sanatulukenso. Kutchalitchi ayi, kumsika ayi, kukaona anzawo ayi. Kuchipatala kokha ndi kumene amayi anu ankawatengera pagalimoto akapeza mpata pantchito. Ankangokhala pawindo kuyang'ana basi ikuima tsidya lija n'kumapita. Mayi amene anakwera ndege yekha kubwera kudziko la eni osadziwa munthu, anakanika kuwoloka msewu wa pakhomo pake. Zinkandipweteka kwambiri, ananu, ndipo ine ndikapwetekedwa mtima ndimayamba kuganiza nzeru, zomwe agogo anu amati ndiye matenda anga aakulu.

Poyamba ndinayenda m'njira yake. A khonsolo anaitanitsa msonkhano kulaibulale kuti amve maganizo a anthu pa za chitukuko cha dera lino. Ndinavala suti. Ndinapeza tiyi, mabisiketi, chimapu chachikulu pakhoma, ndi timapepala tachikasu toti munthu ulembepo dandaulo lako n'kumata. Ine dandaulo langa silikanakwana pakapepala, choncho ndinapita kwa mayi wina wa khonsoloyo, waulemu wake ndithu, n'kumufotokozera zonse kuyambira ku Ntcheu. Anamvetsera mpaka tiyi wake kuzizira, kenaka anati malinga ndi zimene iwo akudziwa, anthu owoloka pamalopo ndi ochepa, ndiye powolokera sipakufunika kwenikweni.

Ndinati, "Mayi, tiyerekeze kuti pamtsinje pali ng'ona, ndipo anthu akuopa kuwoloka. Inu mubwera n'kunena kuti mlatho ndi wosafunika chifukwa palibe amene akuwoloka?"

Anaseka, n'kulemba kanthu m'buku lake. Patapita miyezi kunabwera kalata yoti Loweruka lakutilakuti atumiza munthu kudzawerenga anthu owoloka pamalopo, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Apa mpamene matenda anga aja anandigwira. Ndinati mumtima, munthuyo adzawerenga ndani, poti aliyense amaopa? Koma magalimoto atati achepetse liwiro tsiku limenelo, okalamba onse a mbali ino angalimbe mtima n'kuwoloka, iye n'kuwawerenga. Nanga galimoto amaichepetsa liwiro bwanji? Mwana aliyense wa kwathu amadziwa. Amaika masamba pamsewu.

Apa mvetserani bwino, chifukwa mpamene panagona tsoka langa. Masamba a pamsewu ali pawiri. Lole ikawonongeka, dalaivala amathyola nthambi n'kuziponya apo ndi apo m'mbali mwa msewu, motalikirana, kuti obwera adziwe kuti kutsogolo kuli chinthu. Koma pamudzi pakagwa zovuta, nthambi amaziyala mopingasa msewu, mwadongosolo, mzere wina kumtunda wina kumunsi, nyumba ya maliro ili pakati. Pamenepo galimoto imayenda pang'onopang'ono, wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Ine ndinkafuna za lole zija. Koma bambo anga ndi amene ankatumidwa kuyala masamba kukachitika maliro m'mudzi mwathu, ine ndikuwanyamulira nthambi, ndipo manja anga anakumbukira zimene mutu sunawatume.

Loweruka lija ndinadzuka kutangocha. Ndinatenga mpeni wa buledi wa agogo anu, umene mpaka lero sudula kanthu, n'kukadula nthambi kumpanda wotsala wa fakitale ija. Ndinayala mzere wina kumtunda, wina kumunsi, wowongoka bwino, khomo lathu lili pakatikati. Ndinaima n'kuyang'ana ntchito ya manja anga, mtima uli mbee.

Wowerenga uja anafika, mzungu wachikulire wa jekete yachikasu, ndi kampando kopinda ndi kachitsulo kodina ndi chala. Anayang'ana masamba, anayang'ana kumwamba ngati akufuna mtengo umene agwerako, n'kukhala pansi. Galimoto yoyamba inabwera. Ndinavula chipewa kuti ndiilandire. Inaponda masamba anga osatsokomola n'komwe. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinazindikira mochedwa kuti m'dziko lino masamba ndi masamba basi. Pofuna kupulumutsa tsikulo ndinayamba kuwoloka ndekha. Ndinawoloka ndi chipewa changa cha kutchalitchi, n'kubwerera nditavala chaubweya chimene chinali m'thumba, n'kuwolokanso nditavala cha kutchalitchi chija. Ulendo wachinayi chilole china chinadutsa pafupi, mphepo yake n'kundivula chipewa, matayala akumbuyo n'kuchisita kuti phwatalala. Manyazi anandigwira, ndipo ndinabwerera kusiteji. Basi itafika ndinangokwera, ndinati bola ndipite ku Edmonton ndikatenge usipa umene mlamu wanga anatitumizira kudzera kwa nesi wina wochokera kumudzi. Foni yanga inali itazima kalekale, chifukwa ine kutchaja ndimaiwala.

Zimene zinachitika ndili m'njira ndinachita kuuzidwa, ndipo aliyense amanena mokokera kwake. Mukuwadziwa amayi Zulu, a ku Chipata aja amakupatsani maswiti kutchalitchi. Iwo anatsika basi akuchokera kuntchito, n'kuona mizere iwiri ya masamba, nyumba yathu ino, ya a Kamwendo, ili pakati. Atakweza maso anaona agogo anu ali pawindo, amoyo. Atayang'ana pansi anaona chipewa changa chitaphwanyika pakati pa msewu. Munthu wa ku Chipata safuna kalata kuti amve zimenezo. Asanawoloke n'komwe anali atalemba kale uthenga pagulu la pafoni la amayi a kutchalitchi, kenaka anatola chipewa chija n'kulowa m'nyumba muno akubuma.

"Mayo ine, amai! Ba Kamwendo batisiya bwanji so?"

"Mukuti chiyani, amake Dalitso?" anatero agogo anu. "Abambo atuluka m'mawa uno ali bwinobwino."

"Nachoka ku shift manje manje, napeza masamba pa road, na chisote chao ichi. Ni ma lorry aya, amai, ni ma lorry!"

Agogo anu anaimba foni yanga, yozima. Anaimbanso, yozima. Anasuzumira pawindo n'kuona masamba aja atayalidwa mwa kwathu, ndipo anaganiza kuti wina wodziwa mwambo waona ngoziyo n'kuyala. Msewu umenewo ankauopa kale. Anangokhala pansi.

Ananu, uthenga wa maliro umathamanga kuposa sitima zonse za mumzinda uno. Pofika masana anthu anali akutsika pasiteji ija basi iliyonse, a ku Croydon, a ku Edmonton komwe ine ndinali, ena atavala yunifolomu ya kuchipatala, zitenje zili m'zikwama. Ndipo mayi wa kwathu akamapita kumaliro, chitenje m'chiuno, manja kumutu, sayang'ana kumanja kapena kumanzere. Ankangolowa mumsewu gulu lonse akulira, malole n'kumaima okha, madalaivala maso ali tong'o. Atafika ena anatumidwa kukagula shuga ndi buledi kusitolo ya tsidya lija, n'kuwoloka, n'kubwerera, n'kukumbukira kuti aiwala mkaka. Azibambo anatulutsa mipando panja. Amayi anu, iwe Tadala uli kumsana, anali pafoni kufunsa chipatala ndi chipatala ngati alandira mdala wopanda chipewa.

Ine ndinatsika basi dzuwa litapendeka, jumbo la usipa m'manja, ndikuganiza zonama zoti ndikanene za mpeni uja. Ndili tsidya lija ndinamva nyimbo. Inali nyimbo ya maliro, yoimbidwa mokoka, ndipo inkachokera m'nyumba mwanga. Ndinaona mipando panja, nsapato zitadzaza pakhomo. Masamba anga aja anali ataphwanyika kalekale, ndipo m'mutu mwanga munalibenso za masamba. Munabwera chinthu chimodzi chokha. Ndinati anaPhiri apita, afera pawindo paja ali okha, ine ndikuthamangira usipa. Msewu umene ndinkauopa uja ndinauwoloka osauona.

Pakhomo panalibe munthu, onse anali atalowa kukapemphera. Ndili m'khonde ndinamva mawu a a Chisale, mkulu wa mpingo uja timakangana naye chaka ndi chaka, akuti, "Tataya munthu wofatsa, wosakonda mikangano, womva malangizo a anzake." Apo ndinatsimikiza kuti ndi agogo anu ndithu, chifukwa ine a Chisale sangandinene choncho. Ndinakankha chitseko n'kulowa ndikufuula.

"AnaPhiri! AnaPhiri inu, mwandisiya ndi yani?"

Nyimbo inaduka pakati. Kenaka kunali chipwirikiti chimene sindidzachionanso. Manesi amene amasambitsa mitembo sabata ndi sabata anadumpha sofa iyo. Amayi Zulu anakuwa kuti "Yesu, chipuku!" n'kukalowa kubafa, n'kukhoma. A Chisale anabwerera chambuyo mpaka kukhoma, Baibulo atalitsogoza ngati chishango, akuti, "A Kamwendo, zija tinakangana zija ine ndinakhululuka kale." Ine ndinali chiimire, usipa ukutayikira pakapeti, ndikufunafuna mtembo.

Ndipo ndinawaona. Anali pamatiresi pansi, pakona apo, atafunditsidwa chitenje kumutu monga amachitira ndi namfedwa. Anachotsa chitenjecho pang'onopang'ono. Anadzuka okha, popanda ndodo, popanda wowagwira, n'kubwera mpaka pamene ndinaima. Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, kundisisita masaya, makutu, ngati akuona ngati zonse zilipo. Ine ndikulira, iwo akulira. Pa zaka zonse za ukwati wathu sitinagwiranepo choncho pamaso pa anthu, ndipo sindinadziwe kuti mayi amene uja amandikonda chotero, poti pakamwa pawo pamangotuluka za mbale zimene sindinatsuke bwino.

Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Nanga masamba aja anayala ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Chipewa chophwanyika chija chinali m'manja mwa amayi anu. Agogo anu anachilanda, ndipo chimene chinatsatira sindinena pamaso pa ana, koma dziwani kuti chipewa chopondedwa ndi lole chimawawa.

Anthu obwera kumaliro sungawabweze ndi njala, ngakhale malemu atapezeka. Tinaphika usipa uja, tinamwa tiyi, anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo ndinamva zambiri za ine mwini. Ndinadziwa amene analira zenizeni ndi amene anabwera ndi kontena yotengeramo zotsala. Wowerenga uja anagogoda kupempha madzi, azimayi aja n'kumukhazika pansi ndi mbale. Anationetsa chala chake chitatupa. Atandiona anati, "Bambo, inu m'mawa uja munawoloka kanayi ndi zipewa ziwiri. Ndinakuwerengani kamodzi."

Chilango changa chinali chachitali. Lamulungu ndinaimitsidwa kutsogolo kwa mpingo kupepesa, a Chisale akugwedeza mutu ngati sanandiyamikire dzulo lake. Agogo anu anakhala sabata osandilankhula, kenaka mawu awo oyamba anali akuti, "Mupite kukhonsolo mukanene zoona. Sindifuna kuwolokera pabodza." Ndinavalanso suti ija. Ndinamufotokozera mayi waulemu uja zonse, za lole, za maliro, za manja a bambo anga. Anaseka mpaka kuvula magalasi, kenaka anandifunsa kuti, "Koma anthuwo anawoloka kapena sanawoloke?" Ndinati anawoloka. Anati wowerenga wawo sanalembe chiwerengero chokha, analembanso kuti anaona amayi a ana kumsana akutsekeredwa pakati pa malole, ndipo zimenezo si bodza.

Musaganize kuti anabwera mawa lake ndi penti. Kunali msonkhano wina, tiyi wina, timapepala tina tachikasu. Kunabwera anthu oyeza ndi zingwe, n'kupita, n'kubwera ena kudzayeza zimene anayeza anzawo. Chisanu chinadutsa kawiri agogo anu ali pawindo, ndipo ine ndinayamba kuopa kuti mizereyo idzafika iwo atasiyiratu kufuna kutuluka. Ankanenepa, ankakhala chete, nyimbo zimene ankaimba potsuka mbale zinatha.

M'mawa wina tinadzuka n'kupeza mizere ili mbuu, nyali zachikasu zikuthwanima. Ndinangopita kukhitchini kukateleka madzi. Pobwerako ndinawapeza atavala kale, duku labwino, chikwama pamkono, ndodo m'manja. Ndinawatsatira ndili ndi masilipasi. Titafika m'mphepete ndinawagwira mkono monga kale, iwo n'kuchotsa dzanja langa.

"Ndisiyeni, bambo a Chikondi. Inu nzeru zanu ndaziona."

Anaponda mzere woyamba. Chilole chachikulu chinali chikubwera. Chinaliza mabuleki, chinapuma mpweya, n'kuima. Cha mbali inayo chinaimanso. Agogo anu anayenda pakati pa zilombo ziwirizo pang'onopang'ono, go, go, go, osathamangira munthu, ndipo atafika pakatikati anaima n'kukonza duku lawo bwinobwino, madalaivala akudikira. Atafika tsidya lija basi inali ikufika. Ine ndinkayesa atembenuka kuti abwerere, poti tinangotuluka kudzayesa. Anakwera. Anakhala pampando wa pawindo, n'kundikwezera dzanja ngati munthu wongodziwana naye kutchalitchi.

Ndinatsala tsidya lino ndi masilipasi anga, misozi ikutsika, ketulo ikulira m'nyumba. Sanandiuze kumene akupita, ananu, ndipo anabwera madzulo akuimba.